Bwalo la m'Thengo Limene Linayendetsa Nkhondo ya ku Mozambique

(Nkhani yokambidwa pa wailesi pa nthawi ya alimi ndi mafumu)

 Lero tiyambe taleka za nazale ndi za feteleza, tikambe mbiri ya anansi athu.

Inu mafumu mudziwa kuti mlandu wa malire a munda umodzi ukhoza kutha masiku atatu pa bwalo. Tsono taganizani bwalo limene milandu yace ndi iyi: asilikari zikwi-zikwi adya ciani mawa, mfuti zicokera kuti, ndani apite ku maiko ena kukapempha cithandizo, ndipo mdani wogwidwa wamoyo acitidwe ciani. Bwalo lotere linalipo pafupi ndi ife kuyambira 1962 kufikira 1975. Linalibe nyumba yokomaniramo m'dziko lace, linalibe msonkho, linalibe ndalama yace-yace, koma linalimbana ndi Boma la Apwitikizi zaka khumi.

Nkhaniyi si ya kutali. Munthu wocoka kwa Chulu kulowera kumadzulo, akapyola nkhalango ya nyama ya Kasungu, ali m'Zambia. Akatsika kumwera kudzera ku Chipata ndi ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, afika m'malire a Tete, kumene kuli Acewa anzathu. Kutsidya la nyanja, kuyang'anana ndi Nkhotakota ndi Likoma, kuli Niassa, kwao kwa Anyanja ndi Ayao. M'zigawo ziwirizi munacitika zambiri zimene tikambe.

Ciyambi cace

Pa 25 June 1962, mu mzinda wa Dar es Salaam, timagulu titatu ta anthu a ku Mozambique okhala kunja kwa dziko lao tinaphatikana ndi kukhala cipani cimodzi, dzina lace Frelimo. Kamodzi ka timaguluti, kochedwa Unami, kanali ka anthu a ku Tete, ndipo kanakhazikika m'dziko lathu lino likali Nyasaland. Anasankha Dr. Eduardo Mondlane, amene anagwirapo nchito ku United Nations, kuti akhale mtsogoleri, ndipo waciwiri wace anali Mbusa Uria Simango. Mu September caka comweco anacita Msonkhano Waukuru woyamba. Msonkhanowo unaika malamulo a cipani, nukhazika Komiti Yaikuru yoti izilamula kufikira msonkhano wina. Komitiyo inagawa nchito monga momwe Boma ligawira nduna zace: ena aone za cuma, ena za nkhondo, ena za maiko akunja, ena za sukulu ndi zipatala.

Tinene poyera kuti iyi sinali Nyumba ya Malamulo yosankhidwa ndi anthu a dziko lonse. Pansi pa Apwitikizi munthu wakuda sanali kuloledwa kucita ndale. Anthu amene anasonkhana pa boma la Mueda pa 16 June 1960 kukanena madandaulo ao anaomberedwa ndi mfuti. Koma m'madera m'mene Apwitikizi anapitikitsidwa, mau a Komitiyo ndiwo anali lamulo.

Za asilikari

Nchito yoyamba inali kupeza asilikari. Mu 1963 Komiti inatumiza anyamata ku Algeria kukaphunzira nkhondo ya m'thengo, ndipo mmodzi wa iwo anali Samora Machel, amene kale anali kugwira nchito m'cipatala. Pamene mfuti zinayamba kulira pa 25 September 1964, pa boma la Chai ku Cabo Delgado, cigawo ca kumpoto ceni-ceni, ophunzitsidwa anali ngati 250 okha.

Anafuna kuyatsa moto m'zigawo zinai, koma ku Tete ndi ku Zambezia unazima msanga, cifukwa kunalibe njira yotumizira zipolopolo. Cabo Delgado ndi Niassa zigundana ndi Tanzania pa mtsinje wa Rovuma, ndipo katundu anali kuoloka usiku. Koma njira yacidule yocokera ku Tanzania kunka ku Tete ipyola m'Malawi. Ife tinali titangolandira ufulu mu July 1964, ndipo fodya, tiyi ndi mtedza wathu zinali kuturukira pa njanji ya ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi. Boma la Dr. Banda linasunga cibwenzi ndi Apwitikizi, ndipo silinalole kuti dziko lino likhale njira ya zida. Linalandira anthu wamba othawa nkhondo, monga aja a m'mbali mwa nyanja amene anadzaza cilumba ca Likoma mu 1965.

Poyamba kagulu kali konse ka asilikari kanali kudziyendera kokha. Mu October 1966 Komiti Yaikuru inalamula kuti ankhondo onse akhale pansi pa likuru limodzi, ndi kuti pakhale anthu oyang'anira kulemba asilikari, kuwaphunzitsa ndi kuwatumizira katundu. Mwezi womwewo mkuru wa nkhondo, Filipe Magaia, anaphedwa ndi mmodzi wa anthu ace omwe, ndipo Machel analowa m'malo mwace. Pa msasa wa Nachingwea, m'Tanzania, mnyamata anali kuphunzira khasu pamodzi ndi mfuti, pakuti msilikari wa Frelimo sanali kulandira malipiro pa mwezi. Mu 1967 anakhazikanso gulu la asilikari aakazi.

Mu March 1968 nkhondo inabwerera ku Tete. Tsopano njira inali yodzera m'Zambia wa Dr. Kaunda. Galimoto zinali kutula katundu pafupi ndi malire, ndipo kucokera apo mfuti ndi mabokosi a zipolopolo zinayenda pa mitu ya anthu a m'midzi, Acewa, Ansenga ndi Angoni, amuna ndi akazi omwe, ulendo wa masiku ambiri.

Cuma ca nkhondo

Msilikari wosalipidwa afunabe nsima. Apa ndi pamene inu alimi mulowera m'nkhaniyi.

Cuma ca Frelimo cinali ndi magwero atatu. Loyamba linali ndalama za makadi a cipani, zimene anthu anali kusonkha, makamaka ogwira nchito ku Tanzania. Koma zinali zocepa. Laciwiri linali cithandizo ca maiko ena. Lacitatu, limene linali kudyetsa asilikari tsiku ndi tsiku, linali nkhokwe ya mlimi. M'madera omasulidwa anthu analeka kupereka msonkho kwa Apwitikizi, analeka kulima thonje mokakamizidwa, analekanso kugwidwa cibalo, cimene cinafanana ndi thangata wa kwathu kuno. M'malo mwace anali kupatula gawo la cimanga, mapira ndi cinangwa kuti lipite kwa asilikari, ndipo m'malo ena analima minda ya gulu.

Koma nkhondo itayamba, masitolo a m'midzi anatsekedwa. Mcere, sopo, nsaru, makasu ndi nkhwangwa zinasowa. Cotero Komiti inakonza malonda ace. Alimi anali kusenza mtedza, citowe ndi mbibu, zimene ena amati kashu, kunka nazo ku Rovuma, ndi kusinthana ndi katundu wa m'masitolo a cipani. Dzinthuzo zinali kukagulitsidwa m'Tanzania, ndipo phindu lace linayenera kugula katundu wina ndi mankhwala.

Ku Niassa zinthu zinabvuta koposa. Dzikolo nlalikuru, anthu ngocepa, ndipo ambiri anathawira ku Tanzania ndi kuno. Kumene kunalibe alimi, asilikari anagona ndi njala, ena nataya mfuti ndi kuthawa. Apwitikizi anadziwa bwino za ici. Anaocha minda ndi nkhokwe, nasonkhanitsa anthu m'midzi ikuru-ikuru yolonderedwa ndi mfuti, kuti asapereke cakudya kwa a m'thengo. Pofika 1974 anthu a m'midzi yotere anali pafupi-fupi miliyoni imodzi.

Amene anaona zoopsa ndi mafumu ndi anyakwawa. Usana Mpwitikizi afika, afunsa kuti, "Wadyetsa zigawenga ndani?" Usiku a m'thengo afika, afuna ufa ndi anyamata onyamula katundu. Mafumu ena anatsogolera anthu ao kunka kuthengo, ena anakhala ndi Boma, ndipo ku mbali zonse ziwiri alipo amene anafa cifukwa ca kusankha kwao.

Fanizo la ku America

Kuti timvetse kulemera kwa nkhani ya cakudya ndi ndalama, tiyambe taoloka nyanja, tione bwalo lina la mtundu womwewu. Mu 1775 zigawo 13 za ku America zinaukira mfumu ya Angerezi, ndipo nthumwi zao, zosonkhana ku Philadelphia, ndizo zinayendetsa nkhondo. Zinasankha George Washington kukhala mkuru wa asilikari. Koma bwalo lao linalibe mphamvu yokhometsa msonkho; linali kungopempha zigawo kuti zisonkhe, ndipo zigawozo zinali kuzengereza. Tsono linayamba kusindikiza ndalama za mapepala, zoposa madola 200 miliyoni. Pofika 1780 bwalo lomwelo linabvomera kuti madola 40 a pepala alingana ndi dola imodzi ya siliva. Alimi ambiri anakana mapepalawo, ena nakagulitsa dzinthu zao kwa Angerezi amene anali kulipira ndalama zacitsulo, pamene asilikari a Washington anali kuzunzika ndi njala ndi cisanu pa Valley Forge.

Cimodzi mwa zimene zinawathandiza ndi mbeu imene inu mulima. Dzina lija la Virginia, limene muchula fodya woocha m'mabalani, ndi dzina la cimodzi ca zigawo zimenezo. Mu 1777 Benjamin Franklin, nthumwi yao ku France, anapangana ndi ogula fodya a kumeneko kuti adzawatumizira migolo 5,000 ya fodya, ndipo iwo anapereka ndalama patsogolo. Angerezi, pozindikira kuti fodya ndiye agula mfuti, anaocha nyumba zosungiramo fodya ku Virginia mu 1781.

A Frelimo sanasindikize ndalama pa nthawi ya nkhondo. Ndalama yao, metical, inaturuka mu 1980. Koma funso linali lomwelo. Mlimi apereka dzinthu zace ngati akhulupirira kuti cimene alandira ciri ndi mtengo, ndi kuti wosunga cumaco sakudya yekha.

Mkangano wa ku Matchedje

Pa funso limeneli cipani cinatsala pang'ono kusweka. Woyang'anira malonda ku Cabo Delgado anali Lazaro Nkavandame, mkuru wochuka amene kale anayambitsa bungwe la alimi a thonje ku Mueda. Asilikari ndi alimi ena anamneneza kuti iye ndi anzace anali kugula dzinthu pa mtengo wotsika, kugulitsa nsaru ndi mcere pa mtengo wokwera, ndi kusunga phindu. Iwo a mbali yace anadandaula kuti anyamata a mfuti alanda ulamuliro wa akuru a m'dera. Anasiyananso pa zina. A Nkavandame anafuna nkhondo yacangu yokantha matauni, sanakondwere ndi akazi onyamula mfuti, ndiponso sanafune kuti adani ogwidwa azisungidwa amoyo.

Mondlane anaitanitsa Msonkhano Waukuru waciwiri. A Nkavandame anafuna kuti ucitikire m'Tanzania, ndipo atakanidwa sanapite. Msonkhanowo unacitika m'kati mwa Mozambique, pa Matchedje ku Niassa, pafupi ndi Rovuma, kuyambira pa 20 kufikira pa 25 July 1968. Panali anthu ngati 170, ndipo ena anayenda pansi milungu ingapo. Anakhala pansi pa mitengo, alonda atazinga thengo lonse. Mlendo wina, Basil Davidson, wolemba mabuku wa ku Britain, anaona zonse ndi maso ace. Ndege za Apwitikizi zinadzaponya mabomba pa malowo anthu atabalalika kale.

Zimene anagwirizana ndi izi. Nkhondo idzakhala yaitali, cotero ulimi, sukulu ndi zipatala ziri mbali ya nkhondo yomweyo. Malonda akhale othandiza anthu onse, ndipo mabungwe a alimi alimbikitsidwe. Gulu la akazi likhalepo. Msilikari wa Apwitikizi wogwidwa asaphedwe, pakuti mdani ndi ulamuliro wacitsamunda, osati khungu la munthu. Anaonjezeranso mipando ya Komiti Yaikuru kufika ngati 40, kuti alowemo ocokera m'zigawo ndi m'magulu a nkhondo, osati okhala ku Dar es Salaam okha. Mondlane ndi Simango anasankhidwanso.

Mlanduwo sunathere pa bwalo. Mu December 1968 Paulo Kankhomba, mmodzi wa akuru a asilikari, anaphedwa pa malire ndi anyamata a mbali ya Nkavandame. Nkavandame anacotsedwa pa udindo, ndipo mu 1969 anadzipereka kwa Apwitikizi. Pa 3 February 1969 Mondlane anafa ndi bomba lobisidwa m'buku limene analandira ku Dar es Salaam. Komiti inaika anthu atatu kuti atsogolere pamodzi: Simango, Machel ndi Marcelino dos Santos. Sanamvane. Simango anacotsedwa, ndipo mu May 1970 Machel anakhala mtsogoleri.

Kulankhula ndi maiko

Mfuti sizimera m'munda. Nchito yozifuna inali ya nthumwi, ndipo mkuru wao kwa zaka zambiri anali Dos Santos. Lamulo lao linali lakuti alandire kwa ali yense, koma asakhale kapolo wa mmodzi. Soviet Union ndi China anali pa udani masiku amenewo, koma a Frelimo analandira zida kwa onse awiri. Tanzania wa Mwalimu Nyerere anapereka malo a misasa ndi doko. Bungwe la umodzi wa Africa linakhazika komiti yothandiza omenyera ufulu ku Dar es Salaam mu 1963. Sweden ndi mipingo ina ya kunja sanapereke mfuti, koma anathandiza sukulu ndi zipatala, makamaka kudzera ku Mozambique Institute, imene anali kuyendetsa Mai Janet Mondlane.

Nchito yaciwiri ya nthumwizo inali kucotsera Portugal abwenzi. Apwitikizi atayamba kumanga damu lalikuru la Cahora Bassa pa Zambezi, ku Tete, a Frelimo anapempha anthu a ku Ulaya kuti aletse makampani ao kugwirako nchito, ndipo kampani ina ya ku Sweden inacokadi mu 1969. Pa 1 July 1970 Papa Paul VI analandira Dos Santos pamodzi ndi Amílcar Cabral ndi Agostinho Neto, atsogoleri a nkhondo zotere ku Guinea ndi ku Angola. Portugal, dziko la Akatolika, linakwiya kotero kuti linaitanitsa kazembe wace. Mu 1972 United Nations inabvomereza kuti zipani zomenyera ufulu ndizo ziimira anthu a maiko amenewo.

Lamulo lija losapha ogwidwa linathandiza kwambiri pa nchitoyi, cifukwa nthumwi zinatha kuonetsa kusiyana kwa macitidwe. Pa 16 December 1972 asilikari a Apwitikizi anapha anthu pafupi-fupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa tauni ya Tete. Ansembe a Katolika analemba maina a akufawo, ndipo Bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times ku London pa 10 July 1973, kutatsala masiku ocepa kuti nduna yaikuru ya Portugal ifike mu mzindawo.

Ku thengo namonso Apwitikizi sanapambane. Mu 1970 mkuru wao wa nkhondo, Kaúlza de Arriaga, anaponya asilikari zikwi zambiri ku Cabo Delgado nalanda misasa. Koma a Frelimo anasamutsira mphamvu zao ku Tete, naoloka Zambezi, ndipo mu 1972 analowa m'cigawo ca Manica ndi Sofala. Pofika 1973 Portugal anali ndi asilikari oposa 50,000 m'Mozambique, kuonjezera pa nkhondo za ku Angola ndi ku Guinea. Asilikariwo anatopa, ndipo pa 25 April 1974 anagwetsa Boma lao ku Lisbon.

Boma latsopano linapempha kuti mfuti ziyambe zaleka, zina zikambidwe pambuyo. Atsogoleri a Frelimo anakana. Anadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Anamenyabe kufikira Portugal anabvomera tsiku la ufulu, ndipo pangano linasainidwa ku Lusaka pa 7 September 1974. Mu June 1975 Komiti Yaikuru yomwe ija inakomana ku Tofo, ku Inhambane, nibvomereza malamulo akuru a dziko latsopano. Pa 25 June mbendera ya Apwitikizi inatsika.

Cimene titolapo

Tikasiyira pamenepa tikhala titabisa mbali ina. Bwalo limene linazolowera kulamula pa nkhondo linapitiriza kulamula lokha pa mtendere. Mozambique anakhala dziko la cipani cimodzi. Simango ndi Nkavandame anagwidwa, ndipo pambuyo pace anaphedwa mobisa, popanda mlandu wozengedwa poyera. Mafumu onse anacotsedwa pa mipando, abwino ndi oipa omwe, ponena kuti anali anchito a Apwitikizi. Alimi ambiri anakakamizidwa kusamukira m'midzi ya gulu, kutali ndi minda ndi manda a makolo ao, ndipo masitolo a m'midzi anakhala opanda katundu. Pamene Rhodesia, ndipo kenaka South Africa, anapatsa mfuti gulu la Renamo, linapeza anthu ena okwiya kale, ndi mafumu ena omasuka kuligwira dzanja. Nkhondo yaciwiriyo inatha mu 1992, itathamangitsira kuno anthu ngati miliyoni imodzi. Ambiri a inu muwakumbukira. Boma la Mozambique linadzabvomerezanso mafumu ndi lamulo la caka ca 2000.

Tsono onani. Pamene atsogoleri aja anali kudya nsima ya mlimi, anali kumfunsa, cifukwa akanamnyoza akanagona ndi njala. Anapita mpaka kuthengo la Matchedje kukamva mlandu wa mtengo wa mtedza ndi mcere. Atalowa m'maofesi a ku Maputo, analeka kufunsa kawiri-kawiri, ndipo dziko linalipira.

Inu anyakwawa muli ndi mabwalo anu. Inu alimi muli ndi makalabu ndi mabungwe a fodya. Kumeneko kulibe mfuti, koma mafunso ndi omwe aja. Mabelo akapita ku okushoni, ndani asunga buku la ndalama, ndipo liwerengedwa pamaso pa onse kodi? Amene mwamtuma kukalankhula ndi ogula kapena ndi a Boma, abwera kudzanena zonse zimene wamva? Nanga munthu wotsutsa pa msonkhano, mumamumva kufikira atatha, kapena mumamkhazika pansi? Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani zimenezi pa bwalo nyengo ya malonda isanafike.